Kufunafuna Anansi Ofatsa a Nsomba za Abwana

Ofesi yoyanjanitsa mabanja inali pamwamba pa sitolo ya matayala, kotero aliyense wokwera masitepe ake ankafika akununkha labala. Mwini ofesiyo anali bambo wadazi amene ankavala jekete ngakhale kutenthe chotani. Anthu ankangowatcha a Tikambirane, chifukwa mawu amenewa sankachoka pakamwa pawo, ndipo anawanenapo ngakhale kwa galu amene anali atawaluma mwendo. Mlembi wawo anali mayi wosakonda zolankhulalankhula, amene anagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ntchito yake inali kulemba mayina, kuyankha foni, ndi kuchotsa patebulo chilichonse chimene munthu angagende nacho mnzake.

Mlamu wa abwanawo posamukira kutali anawasiyira thanki yagalasi yoweteramo nsomba, yaitali ngati mpando wa anthu atatu. Amuna anayi anaikweza pamasitepe akutukwana chamumtima, ndipo chivundikiro chake chinasweka pakona yomaliza. Ataiika m'chipinda chodikirira alendo n'kuithira madzi, anabwezeramo eni ake: nsomba ziwiri zazikulu ngati chikhatho, zonyezimira buluu m'masaya. Pagalasi panali kapepala kolembedwa ndi mlamuyo: "Akara. Ndi mtundu wa sikilidi za ku South America. Mwamuna ndi mkazi. Ndi ofatsa."

A Tikambirane anaima patsogolo pa thankiyo manja ali kumbuyo, akugwedeza mutu.

"Mlembi, izi sizikupereka chithunzi chabwino. Banja kukhala lokhalokha m'nyumba yaikulu chonchi? Makasitomala aziti linayambana ndi abale onse. Tiwapezere anansi."

Masana a tsiku lomwelo anatuluka okha, nabwera ndi pepala lapulasitiki lamadzi. Munali tinsomba khumi ndi tiwiri, tating'ono ngati ndodo za machesi, ta mizere yofiira ndi yabuluu. Asanatikhuthulire m'thanki analankhula mawu otilandira kwa mphindi zisanu, ndipo anauza Mlembi kuti aombe m'manja.

M'mawa mwake Mlembi anawerenga napeza tisanu ndi tinayi.

"Tabisala," anatero abwana. "Manyazi a mlendo amenewo."

Pofika Lachinayi tinatsala tisanu. Lachinayi linali tsiku la bambo wina wowotcherera zitsulo ndi mkazi wake, mayi telala, amene anakhala akubwera ku ofesiko kwa miyezi isanu ndi iwiri. Mkangano wawo unayamba pamene bamboyo anachotsa chopondera cha makina osokera a mkazi wake n'kukachiwotcherera pa geti ya kasitomala monga chokongoletsa. Mayiyo pobwezera anadula ovolosi ya mwamuna wake n'kuisandutsa kabudula, naipinda bwinobwino m'mphepete. Kuyambira pamenepo sankalankhulana. Chilichonse chinkadzera mwa Mlembi, ngakhale atakhala moyandikana mpaka kugundana mawondo.

Ali chikhalire kudikira nthawi yawo, imodzi mwa nsomba zazikuluzo inayandikira kansomba kena mwaulemu, ngati ikufuna kufunsa njira, kenaka mwadzidzidzi n'kukameza. Kamchira kanatsalira kunja kwa milomo, kakugwedera.

"Mlembi," anatero mayi telala, "muwauze bambo awa kuti ndaona mmene amuna alili."

"Mlembi," anayankha wowotcherera, "muwauze mayi awa kuti yamezayo ndi yaikazi."

"Muwafunse kuti adziwa bwanji. Yavala diresi?"

"Muwauze kuti ndaonera kusakhuta."

Phokosolo linatulutsa a Tikambirane m'chipinda chawo. Atamva zomwe zachitika sanakwiye. Anakoka mpando, naukhazika pafupi ndi galasi, natsegula fayilo yatsopano. Anafotokozera akara awiriwo kuti ofesi ino siiweruza munthu, kuti aliyense ali ndi mbali yake, ndipo kuti zonse zokambidwa zikhala zachinsinsi. Nsombazo zinabwera pagalasi poyesa kuti ndi nthawi ya chakudya, zikutsegula ndi kutseka pakamwa.

"Mwaona?" abwana ananong'oneza Mlembi. "Ali n'zambiri zoti anene. Chabe palibe amene anawapatsapo mpata."

Zokambiranazo zinatenga mphindi makumi anayi, ndipo zili mkati kansomba kena kanamezedwa. Abwana analemba m'fayilo kuti nkhani ikupitirira.

Lolemba kanatsala kamodzi, katadzipanikiza kuseri kwa chotenthetsera madzi. Mlembi anakhuthulira shuga wa ofesi m'mbale, natsuka botolo lake, nawolera kansombako m'menemo. Anauza abwana kuti akupita kumene anakagula, ndipo ulendo uno asankha yekha.

"Pitani," anavomera abwana, "koma tisabwerezenso kulakwitsa. Tinalandira anthu osawadziwa mbiri. Aliyense wobwera abwere ndi kalata yaumboni, ndipo tidzamufunsa mafunso."

"Amene anadya anzawo si obwerawo, bwana."

"Sitikuloza chala munthu, Mlembi."

Sitolo ya nsomba inali m'kanjira kopapatiza kuseri kwa malo ometera tsitsi. Munali chinyezi, ndipo matanki ankachita thovu mbali zonse. Mwini wake, mkulu woonda amene anthu ankamutcha a Magalasi, anali ndi dzanja limodzi la malaya lonyowa mpaka paphewa. Analandira botololo osafunsa kanthu, nakhuthulira kansombako mwa anzake, kenaka anamvetsera nkhani yonse.

"Abwana anu anandiuza kuti akufuna tinsomba tosangalatsa ana," anatero. "Za akara sanatchule. Pakamwa pawo m'papakulu bwanji?"

Mlembi anapinda chala n'kuonetsa.

"Ndiye munawagulira chakudya choyenda chokha."

"Koma papepala analemba kuti ndi ofatsa."

"Ndi ofatsadi, mayi. Akara ndi m'busa pakati pa sikilidi. Simunaone zinzake. Iye sadya mnzake ndi mkwiyo, amadya ndi mtima woyera. Chilichonse chokwana pakamwa pake amachiyesa mphatso."

Anamutengera pa thanki ina mmene munali nsomba zathupi lophwatalala ngati ndalama yachitsulo yaikulu, zikuyenda pagulu. Anati zimenezo ndi matetra aakulu, achibale a tomwe tinadyedwa tija, koma ameneyu akara akamuyang'ana amaona kuti sangadutse pakhosi. Anati atenge khumi, osachepera, chifukwa ikakhala imodzi kapena ziwiri wovutitsa amadziwa woti amulondole, koma zikachuluka amasokonezeka n'kuzisiya.

Mlembi analoza zina zamizere yakuda ndi yachikasu, zothamangathamanga. "Nanga izi? Zakongola."

"Izo ayi. Amiseche amenewo. Sizimenya pamaso, zimadzera kumbuyo n'kumathothola zipsepse za anzawo. Pakutha pa sabata akara anu adzaoneka ngati avala sanza."

"Iyi yofiirayi? Ikufanana nawo. Mwina pachibale angamvane."

A Magalasi anaseka mpaka kutsokomola. "Wachibale ndiye woopsa kwambiri. Iyonso ndi sikilidi. Mwala umene akara akufuna, iyonso ikufuna womwewo. Mnansi wabwino ndi amene safuna chimene iwe ukufuna. Taonani awa."

Pansi pa thanki ina panali tinsomba tonenepa, tandevu, tikufwenkha mchenga ndi mphuno ngati anthu ofunafuna batani lotayika. Anati amenewo ndi makori: amakhala pansi, khungu lawo ndi lolimba ngati chikopa cha nsapato, ndipo sasamala za wina aliyense. Kenaka analoza pamwamba penipeni pa madzi, pamene panayandama nsomba zasiliva za chifuwa chotuluka ngati nkhwangwa. Anati zimenezo moyo wawo wonse zimayang'ana kumwamba kudikira tizilombo, moti mwina sizidziwa n'komwe kuti pansi pali anthu. Zonsezo, anatero, zimachokera ku mitsinje ya dera limodzi ndi akara, kotero madzi ofunda amene akara akukhalamo ndi omwe nazonso zinazolowera.

"Musanaziike, musunthe miyala yonse ndi zomera, kuti eni nyumba asokonezeke aziyesa nawonso ndi alendo. Ndipo muvundikire thankiyo. Ankhwangwawa amadumpha."

Mlembi analemba zonse. Kenaka anayang'ana pansi, natsokomola pang'ono.

"Abwana akuti pakhale makalata aumboni."

A Magalasi anamuyang'ana nthawi yaitali. Anapukuta dzanja lonyowalo pa buluku, nakoka pepala. Poyamba ankalemba monyinyirika, koma atafika mzere wachitatu nkhope inawala. Za makori analemba kuti: "Ndawadziwa kwa miyezi itatu. Ndi olimbikira ntchito, sakweza maso, ndipo sanadyepo aliyense." Za matetra analemba kuti alibe maganizo awoawo, kumene wapita mmodzi onse amapita. Za ankhwangwa analemba kuti ndi anthu oyang'ana patsogolo, ngakhale patsogolo pawo ndi kumwamba. Anadinda chidindo cha sitolo pa kalata iliyonse, ndipo kuwiri anadinda mozondotsa.

Abwana anaika mafunso pa Lachinayi. Mlembi analawirira, napinda manja a bulauzi, nasuntha miyala yonse m'thanki uku akara akumujompha zala. Kenaka anakatenga nsomba zija, ndipo mapepala atatu apulasitiki anandandalikidwa pa tebulo la abwana, lililonse ndi kalata yake patsogolo. Popeza wowotcherera ndi mkazi wake anali atafika kale, a Tikambirane anawalowetsa mu komiti ngati oimira anthu wamba.

Abwana anawerenga makalatawo mokweza, nakhutira kwambiri ndi ya matetra. Kenaka anaweramira pa pepala la makori.

"Tinene kuti mnzanu wakulandani malo ogona. Mungatani?"

Kori mmodzi anatembenuza diso lake pansi n'kulibweza, monga zimachitira nsomba zimenezi.

"Waphethira! Mlembi, lembani kuti wamvetsa funso koma wasankha kudekha."

"Ine andevu sindiwakhulupirira," anatero mayi telala akuyang'ana khoma. Mwamuna wake anagwira ndevu zake.

"Mlembi, muwauze kuti wandevuyu ndiye yekha amene akugwira ntchito. Enawa angoyendayenda pagulu kuonetsa zovala."

Mkangano unatenga theka la ola. Mlembi anagwira pepala limodzi namva kuti madzi ayamba kuzizira. Anaimirira, nanyamula onse atatu.

"Kuti, Mlembi? Komiti sinagamule."

"Ndikukawaonetsa malo antchito, bwana."

Anayandamitsa mapepalawo m'thanki kuti madzi afanane kutentha, ndipo pomwe komiti inkaponya voti, ofunsidwa anali atayamba kale ntchito. Akara anathamangira tetra mmodzi, anamuyeza ndi maso, nabwerera mokhumudwa. Mnzake anajompha kori pamsana kamodzi, kori sanatembenuke n'komwe. Ankhwangwa anakwera pamwamba nakhala duu. Pa thankiyo Mlembi anayalapo makatoni a mafayilo akale m'malo mwa chivundikiro.

Panadutsa masabata awiri a mtendere. Mlembi ankawerenga m'mawa uliwonse ndipo chiwerengero sichinkasintha. Mabanja odikira ankayang'ana nsomba m'malo moyang'anizana, ndipo kwa nthawi yoyamba Mlembi anasiya sitepula patebulo tsiku lonse. Abwana ankauza aliyense kuti chinsinsi chake ndi makalata aumboni.

Lachinayi lachitatu abwana anafuna fayilo ina yakale, ndipo anachotsa katoni imodzi pa thanki osaibwezera. Wina anamenyetsa chitseko. Nkhwangwa imodzi inadzidzimuka, inauluka ngati supuni yoponyedwa, n'kugwera pamiyendo pa mayi telala.

"Mayo! Gwirani, bambo inu, gwirani!"

Wowotcherera anavula chipewa, anawola kansombako kakuphiriphitha pa siketi, nakaponyera m'madzi. Kanazungulira kamodzi chammbali, kenaka kanabwerera pamalo pake ngati palibe chachitika. Mayiyo anagwira pakamwa, atazindikira kuti walankhula ndi mwamuna wake popanda Mlembi.

"Ameneyu amafuna kusiya ntchito osapereka notisi," anatero abwana akuyang'ana nsombayo mokhumudwa.

"Pakufunika chivundikiro chenicheni," anatero wowotcherera, akuyang'ana pakati pa Mlembi ndi mkazi wake, osadziwa kuti mawuwo apite kwa yani. "Felemu yachitsulo ndi sefa. Ndingapange. Koma ndilibe tepi."

Mayi telala anatulutsa tepi m'chikwama. Anayeza thankiyo m'litali ndi m'lifupi, monga amayezera munthu wonenepa wofuna suti, nalemba manambala pa dzanja la mwamuna wake.

Chivundikirocho chinabwera sabata yotsatira, chopakidwa penti yakuda, chokongola ndithu. Atachiika chinapitirira zala ziwiri mbali zonse zinayi.

"Manambala anu ndi abodza," anatero wowotcherera.

"Si abodza. Ndinasiya popinda."

"Popinda? Chitsulo amapinda m'mphepete ngati siketi?"

"Nanga thankiyo ikadzanenepa?"

"Galasi limanenepa, mayi inu?"

"Inuyo pokwatirana munali ngati msomali, lero bwanji?"

Anakangana mpaka ogwira ntchito ku sitolo ya matayala anatuluka kudzayang'ana m'mwamba. Anachoka pa chivundikiro n'kufika pa chopondera chija, pa ovolosi, mpaka pa zimene apongozi ananena zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Mlembi anabweza sitepula m'dilowa. A Tikambirane anaima pakhomo la chipinda chawo misozi ili m'maso.

"Asiyeni," ananong'ona. "Miyezi isanu ndi itatu ndakhala ndikudikira zimenezi."

Banjalo linatsika masitepe likukanganabe, mwamuna atanyamula chikwama cha mkazi wake kuti mkaziyo azitha kuloza bwino ndi manja onse awiri. Sabata yotsatira sanabwere. Anaimba foni kuti tsopano akumakanganira kunyumba, ndipo n'kosavuta chifukwa safunika kukwera basi. Abwana anatseka fayilo yawo. Chivundikiro chinakhala choncho, ndipo aliyense wodutsa pafupi chinkamukola malaya.

Mtendere wa m'thanki sunakhalitse. Tsiku lina Mlembi anapeza akara awiri aja akupala mwala wina wafulati ndi milomo, mosinthana, mwakhama ngati akuyembekeza alendo olemekezeka. M'mawa mwake pamwalapo panali timadontho tambirimbiri tondandalikana. Matetra onse khumi anali ataunjikana pakona imodzi, makori atapanikizana pansi pawo, ndipo aliyense woyesa kudutsa pakati ankabwezedwa ndi liwiro. Ngakhale ankhwangwa, amene sanalakwire munthu, anathamangitsidwa kumwamba kwawo komweko.

A Tikambirane anakhumudwa kwambiri. Analemba chidziwitso chakuti malo onse a m'thanki ndi a anthu onse, nachimata pagalasi zilembo zitaloza mkati kuti eni nkhani awerenge. Mlembi anadikira kuti abwana alowe m'chipinda chawo, naimbira a Magalasi.

"Ndi mazira amenewo, mayi. Mwakhala agogo. Palibe sikilidi yofatsa ikakhala ndi ana. Nsomba zinazo musazichotse. Ikani chitsa chachikulu pakati, ndi zomera zazitali, kuti makolowo asamaone mbali inayo. Amene sakumuona samuthamangitsa."

"Basi?"

"Basi. Ndipo amene sachoka pamazirapo onani kuti ndi uti, mudziwe wamkazi."

Mlembi anapita masana kukatenga chitsa chakuda chonyikidwa kale m'madzi, nachikweza yekha masitepe atachikulunga m'thawulo. Atangochiika, akara anabwerera pamwala wawo, ndipo matetra anayamba kuyendayenda m'chigawo chawo chatsopano. Makori anafwenkha mchenga mpaka pamalire, n'kumabwerera okha. Abwana potuluka anaona bata, nasisita chidziwitso chawo ndi chala monyadira. Poona imene sinkachoka pamazira, Mlembi anazindikiranso kuti imene inameza kansomba pamaso pa makasitomala tsiku lija inalidi yaikazi, koma sanauze aliyense.

Patapita sabata, pamwamba pa mwalawo panadzuka kamtambo ka ana ang'onoang'ono ngati fumbi. Makolo ankawaweta uku ndi uku, ndipo kakasochera kamodzi, mayi ankakatola ndi pakamwa n'kukakalavulira pakati pa anzake. Abwana ataona zimenezo koyamba anakuwa kuti zayambiranso, ndipo Mlembi anachita kuwakhazika pansi n'kuwapatsa madzi. Anawo anakula msanga. Atafika ngati chikhadabo cha chala chaching'ono, Mlembi anawerenga katatu napeza zana limodzi ndi makumi anayi, kuwonjezera kapena kuchotsera amene sanafune kuima malo amodzi. Aliyense wa iwo anali woti adzakula ngati chikhatho. A Magalasi anavomera kuwalandira onse.

Loweruka m'mawa Mlembi anabwera ndi ndowa yokhala ndi chivundikiro. Zinamutengera maola awiri kuwawola, chifukwa makolo ankamenya kaukonde, ndipo bambo wa anawo anamuluma pachala mpaka kusiya chizindikiro. Abwana anali atabwera ndi jekete yawo yatsopano kudzatsanzikana nawo, koma m'malo molankhula mawu otsanzika anangogwira ndowayo m'mbali n'kubwerera m'chipinda chawo.

M'basi Mlembi anakhala pafupi ndi zenera, ndowa ili pamiyendo, akuikweza pang'ono basi ikamagunda mabampu. Mayi wina amene anakhala naye, mwana ali pambali pake, anamva madzi akukhuthuka mkati, napempha kuti aone. Mlembi anatsegula pang'ono. Mayiyo anasuzumira nthawi yaitali.

"Tokongola. Koma timeneti timadyedwa?"

"Ayi, mayi," anayankha Mlembi akutseka ndowayo. "Timeneti ndi timene timadya anzawo."

Mayiyo anachotsa dzanja lake pa ndowa, nasunthira mwana wake mbali inayo.